Dzina Limene Silinalowe m'Nyimbo

Anesi anali kusenda chinanazi cha kasitomala pamene anamva mawu a achimwene ake, a McDonald, akuchokera pakhonde la sitolo pomwe amuna a pa Chitakale amasewera bawo. A McDonald ankauza anzawo kuti akuluakulu a kukoleji ku Blantyre atumiza uthenga wofuna mbiri yawo. Ankati nkhani ya nyimbo za m'dziko muno singalembedwe popanda Nkhungu Jazi Bandi, ndipo nkhani ya Nkhungu Jazi Bandi singalembedwe popanda iwo, poti ndiwo ankagwira gitala n'kumaimbanso. Maprofesa, iwo ankatero, akhala akufunsana ngati munthu ameneyu akadali moyo, ndipo atamva kuti alipo, mmodzi anachita kuvula magalasi.

Anesi sanatembenuke. Anaduladula chinanazicho, n'kuika m'jumbo, n'kupereka. Ankadziwa komwe uthengawo unachokera chifukwa unadutsa pafoni yake yomwe. Mwana wake Claudia, amene ankaphunzira zauphunzitsi kukolejiko, anaimba foni Lamlungu lapitalo a McDonald ali pomwepo, akudya mbatata za mlongo wawo. Claudia ananena kuti chaka chikubwerachi aliyense ayenera kuwonjezera phunziro limodzi mwa maphunziro atatu: mbiri ya nyimbo, za umoyo wabwino, ndi lina lotchedwa lojiki, lophunzitsa kuona ngati mfundo ya munthu ikuyenda bwino kapena ikutsimphina. Anawonjezera kuti osankha mbiri ya nyimbo amatumidwa kwawo kukajambula woimba wakale pafoni, ndipo zojambulazo zimasungidwa kulaibulale. Zinathera pomwepo. Za profesa wovula magalasi Claudia sanatchule.

Kunena zoona, Nkhungu Jazi Bandi inalipodi. Anali amuna a pa esiteti ya tiyi, okhala ndi magitala awiri, ng'oma za chikopa cha mbuzi, ndi batire ya galimoto yomwe ankasinthana kusenza. Ankaimba m'maukwati kuyambira ku Milonde mpaka ku Nkando, ndipo bandiyo inatha mwini batire atasamukira ku Thyolo. Chimene anthu ankaikondera chinali nyimbo yotsekera ukwati, imene inkatchula mayina. Woimba ankayamba ndi mkwati ndi mkwatibwi, kenako ankhoswe, makolo, ndi aliyense wooneka kuti ali ndi kanthu m'thumba. Wotchulidwa ankaimirira, n'kuvina pang'ono, n'kusupa.

Anesi anakwatiwa nthawi imene malole ankabweza anthu othawa nkhondo kwawo ku Mozambique. Gregorio, mmodzi wa othawawo, sanakwere nawo, chifukwa anali atapeza mtengo wa mango woti azikonzerapo njinga, atapezanso Anesi. A McDonald masiku amenewo anali kalaliki wa pasikelo yoyezera tiyi, munthu wa zolembera zitatu m'thumba la malaya, ndipo sizinawakomere kuti mlongo wawo apite ndi munthu wobwera ndi bulangete lopatsidwa kumsasa. Paukwatipo anaimba ndithu. Anatchula Anesi, anatchula makolo, ankhoswe, kapitawo wa pa esiteti, manijala amene sanabwere n'komwe, mpaka mayi amene anaphika thobwa. Gregorio, atavala jekete yobwereka, anakhala akuyembekeza manja ali pamaondo, wokonzeka kudzuka. Nyimbo inatha iye ali chikhalire.

Mawa lake a McDonald anafotokoza kuti dzinalo ndi lalitali, silinkalowa m'nyimbo, koma alipezera malo ndipo adzaliimba tsiku lina. Zaka zoposa makumi awiri zinadutsa tsikulo osafika. Mpaka pano, akafuna kunena za mlamu wawoyo, ankati "anzathu a kutsidya".

Gregorio nkhaniyi sinkamuvuta. Ankati patsikulo anapeza mkazi, anadya mpunga, jekete anabweza yosang'ambika, ndiye nyimbo inali yachiyani. Amene ankaisunga anali Anesi. Ndiye amene ankafunsidwa pachitsime, ndi azimayi odziwa yankho, kuti amuna anu aja dzina lawo ndani paja. Ngakhale Hawa, mnzake wogulitsa nthochi pambali pake, akafuna kumukwiyitsa tsiku lopanda malonda ankangoyamba kung'ung'udza nyimbo ija.

Claudia atafika kutchuthi, asanavule n'komwe nsapato, anauza mayi ake kuti wasankha kale mbiri ya nyimbo, akungodikira kukapereka yankho sukulu ikatsegulira. Anesi anamuuza kuti zimenezo zikhale za anthu awiri. Atsibweni ake akafunsa, azinena kuti akuganizabe. Claudia anafunsa chifukwa. Anesi anati pali kangongole kena kakale kamene akufuna kutolera, ndipo si ka ndalama.

A McDonald anabwera tsiku lotsatira atavala tayi. Anakhala pampando wa Gregorio, n'kuyamba ndi kukumbutsa onse kuti kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo wolamula za mwana wa mlongo ndi atsibweni. Choncho iwo, ataganizira mofatsa tsogolo la mtsikanayu komanso la dziko, agamula kuti atenge mbiri ya nyimbo.

Claudia, atagwada bwinobwino pafupi ndi khomo, anathokoza. Anati koma mtima wake ukukokera ku lojiki, chifukwa analowako tsiku loyesa ndipo zinamukomera.

A McDonald anafunsa kuti lojikiyo ndi chiyani kwenikweni. Atamva, anapukusa mutu. Anati amenewo ndi maphunziro a makani, ndipo dziko lino makani lili nawo kale okwanira chiyambire zipani zambiri. Anati mkazi wophunzira kutsutsa sasunga banja, amuna amamuthawa kapena iye amathamangitsa amuna.

"Atsibweni," anatero Claudia maso ali pansi, "kodi anti, akazi anu aja anakulongedzerani katundu ku Nkando, anaphunzira lojiki?"

Anesi anapita kukaona moto umene sunkafuna kuonedwa. Pobwerako anapeza a McDonald akufotokoza kuti nkhani ya ku Nkando inali ndi mbali zambiri zimene ana sangazimvetse, ndipo anatsanzika tiyi asanathe, chinthu chimene Anesi anali asanachionepo.

Kubawo zinthu sizinaime. A Pilato, amene ankasewera ndi a McDonald tsiku lililonse ndipo ankawakonda mwa njira yosawalola kupuma, ankafunsa m'mawa uliwonse kuti maprofesa aja afika liti, abwera pagalimoto yamtundu wanji, ndipo kodi amene anavula magalasi uja wawavalanso. A McDonald m'malo mobweza mawu ankawonjezera. Anati mawu awo akasungidwa m'chipinda chozizira, ndipo ana a zaka zam'tsogolo azidzalemba mayeso pa iwo. Anakametetsa, anakajambulitsa chithunzi atagwira chibwano. Oyendetsa kabaza anayamba kuwaitana kuti a Laibulale. Anesi ankamva zonsezi ali pamalo pake, akusanja zinanazi, ndipo tsiku lililonse ankaona kuti mtengo wa kangongole kake kaja wakwera.

Atabweranso kunyumba, a McDonald anali atakonzekera lojiki. Anapeza nkhani itasintha. Anesi anawauza kuti mwanayo tsopano akuganiza za umoyo wabwino. A McDonald anafunsa ngati kumeneko ndi kuphunzira unamwino. Claudia anati ayi, amaphunzira kadyedwe, kagonedwe, kumwa madzi okwanira, kuwongola thupi, ndi kapumidwe kochotsa nkhawa. A McDonald anafunsa ngati kapumidweko ndi kupuma kumene tikupumaku. Atauzidwa kuti inde, anati iwo akhala akupuma chibadwire popanda satifiketi, ndipo sanalakwitsepo ngakhale kamodzi. Anati azimayi othyola tiyi amakwera mapiri ndi dengu kumsana osapita kukoleji, ndiye munthu akalipire fizi kuti amuuze kuti madzi ndi akumwa.

Anesi anavomera kuti mfundoyo ndi yomveka. Anati vuto ndi lakuti bambo a mwanayu msana ukuwavuta ndi kuwerama panjinga, ndipo akuona kuti phunziro limenelo likhoza kuthandiza pakhomo. A McDonald anabwerezanso za mwambo ndi udindo wa atsibweni. Anesi anati mwambowo amaulemekeza kwambiri, ndipo popeza atsibweni ndiwo olamula, mwina angakonde kudziwa tsiku limene fizi imafunika. A McDonald anayang'ana denga, n'kunena kuti malata awa ayamba dzimbiri.

"Kakambiraneni ndi bambo ake, achimwene," anatero Anesi.

Ulendo wochoka pabawo kufika pamtengo wa mango si wautali, koma a McDonald anauyenda mozungulira, kudzera kumsika ndi kopopera mafuta. Anesi ankawaona ali patali. Atafika anapeza Gregorio wamiza chubu m'beseni kufunafuna pobooka. A McDonald anaima. Panalibe dzina loti amuitanire, choncho anatsokomola. Gregorio anawapatsa kampando, n'kufunsa ngati chifuwa chayambanso. A McDonald analankhula za mvula, za mtengo wa matayala, za achinyamata amasiku ano, kenako anafika pa kufunika kwa mbiri ya nyimbo. Gregorio anamvetsera mpaka kumapeto akupala chubu, n'kunena kuti iye ntchito yake m'nyumba muja ndi kulipira. Osankha ndi ena. Ngati mayi a Claudia avomera, pronto, basi, iyenso wavomera.

Motero a McDonald anabwerera kwa mlongo wawo, ndipo ulendo uno sanazungulire. Anamupeza pamalonda, Hawa ali pambali makutu ali tcheru, akunamizira kusankha nthochi. Anatsitsa mawu n'kufunsa kuti kwenikweni akufuna chiyani.

"Dzina la amuna anga, achimwene. Munati mudzalipezera malo."

"Nkhani yakale ija? Iwe Anesi, munthu mpaka imvi ukusungabe zimenezo?"

"Sizinawole. Ndazisunga pouma."

A McDonald anafotokoza, ngati katswiri, kuti nyimbo ili ndi mayendedwe ake, ndipo dzina lachipwitikizi limapunthwitsa gitala. Anesi anakumbutsa kuti dzina la manijala uja linali lachizungu, lovuta kuposa, koma linalowa mwini wake kulibe. A McDonald anati chabwino, abwera Lamlungu adzaimbe m'nyumba, chitseko chili chotseka kuopa mphepo. Anesi anati paukwati pake panali anthu, ndipo pachitsime panalinso anthu. Ngati mwana ati ajambule, ajambule pakhonde la bawo, tsiku la msika, pomwe nkhani ya maprofesa inayambira. Akatero Claudia atenga mbiri ya nyimbo. Akapanda kutero, mwanayo akaphunzira kupuma, ndipo a Pilato adzafuna kudziwa chifukwa chake.

A McDonald anali ndi pothawira pamodzi potsala. Anati gitala lilibe nsambo, zinaduka kalekale, ndipo zenizeni zimapezeka ku Limbe kokha. Anesi anati akudziwa munthu wina wa waya wa mabuleki wambiri, amakhala pansi pa mango.

Gitalalo linatsika kudenga komwe linkasungira mphemvu. Gregorio analipukuta ndi kansanza ka oyilo, n'kusankha waya: wonenepa wa pamwamba, wosomboledwa wa pansi. A McDonald anaimirira pambali akulamula za kakokedwe, mpaka waya wina anadumpha n'kuwacheka chala. Claudia, amene anawabweretsera chinangwa chophika, anakauza mayi ake kuti anamva ndi makutu ake atsibweni akunena kuti, "Pang'onopang'ono, alamu." Anesi anati zimenezo n'zabwino, koma si zimene achimwene akewo anabwereka.

Tsiku la msika a McDonald anafika msanga atavala jekete ndi tayi, dzuwa likuswa mtengo. Anauza a pabawo kuti maprofesa atanganidwa ndi msonkhano, ndiye atumiza nthumwi. A Pilato anayang'ana nthumwiyo n'kunena kuti akuidziwa, anaiona ikukwawa. Bawo anaikankhira pambali. Oyendetsa kabaza anaimika njinga, azimayi a tomato anabwera atanyamula ana, Hawa anasiya nthochi zake kwa Mulungu. Gregorio anabwera pomalizira manja ali ndi girisi, n'kukhala pakhonde kumapeto, poti mkazi wake anamuuza kuti akhale pamenepo. Anesi anaimirira kutsogolo, atamanga chitenje chatsopano.

Claudia anakweza foni, n'kutchula tsiku, malo ndi dzina la woimba, monga anamva kuti amachitira. A McDonald anamupempha kuti awonjezere mawu oti "mtsogoleri wa bandi". Kenako analankhula kwa nthawi yaitali za chiyambi cha Nkhungu Jazi Bandi, osatchulapo mwini batire, mpaka Claudia anawauza kuti moto wa foni ukutha.

A McDonald anayamba kuimba. Chimene Anesi anali ataiwala n'chakuti achimwene akewo ankaimbadi bwino. Mawu anali atakalamba, waya wa mabuleki ankalira ngati chitseko cha khola, koma nyimboyo inali yomwe ija, ndipo azimayi achikulire anayamba kugwedeza mapewa asanadziwe kuti akutero. Anatchula Anesi, Anesi anavina pang'ono. Anatchula makolo awo omwe anagona kale. Anatchula ankhoswe. Anatchula a Pilato, Hawa, mwini sitolo, Claudia ndi koleji yake, anatchulanso a Pilato kachiwiri. Nyimbo inazungulira khonde lonse ngati munthu wofuna khomo lotulukira. Kenako a McDonald anaona lole ya tiyi ikubwera pamsewu, anaidikira, ndipo pamene inkadutsa ndi phokoso lake lonse anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Anamaliza ndi kukhwatcha gitala katatu, n'kuwerama.

Anthu anawomba m'manja. Anesi sanawombe. Anatembenukira kwa Hawa n'kufunsa ngati wamva dzina lililonse kumapetoko. Hawa anati wamva lole. Anafunsa a Pilato. A Pilato anati milomo anaiona ikuyenda, koma sangalumbire kukhoti kuti inanena chiyani. A McDonald anati dzinalo analitchula, ndipo za malole si iwo amene amayendetsa. Claudia anaika foni kukhutu, nkhope ili yaulemu, n'kunena kuti pepani atsibweni, kulaibulale salandira zojambula zokhala ndi phokoso la injini. Zikafika choncho amangozifufuta, woimbayo n'kuiwalika.

A McDonald anayang'ana kumsewu. Kunalibe lole ina. Anayang'ana a Pilato, amene anali atakhazikika bwino ngati munthu wopanda kopita. Anapukuta thukuta ndi tayi, n'kuyambiranso, ulendo uno osazungulira. Atafika pamalopo anakoka mpweya, n'kulitulutsa dzinalo pang'onopang'ono, ngati munthu wotsitsa katundu wolemera: Gi-ri-go-ri-yo.

Linalowa. Linakhala m'nyimbomo bwino kuposa mayina ena onse, moti azimayi a tomato analitola n'kuyamba kuvomereza, oyendetsa kabaza akuliza mabelu. A McDonald anayesa kupitirira, koma anthu anali atalikonda, ankangowabwezera pomwepo. Analiimba kachiwiri, kachitatu, ndipo kenako nkhope yawo inayamba kuoneka ngati ya munthu amene anakonza zonsezi yekha.

Gregorio anali chikhalire, akumwetulira ngati akunena munthu wina. Anesi anamuyang'ana. Iye anapukuta manja pathalauza, anagwira msana, n'kudzuka. Anavina mochenjera, phazi limodzi kenako linalo, osawerama kwambiri, n'kupita kukaika kandalama pabondo la mlamu wake monga amachitira wotchulidwa. Atabwerera anauza mkazi wake chapansipansi kuti waya wachitatu watsika, afunika kumukokanso.

Nyimbo itatha a McDonald anauza a Pilato kuti malo a dzinalo anawapeza kalekale, ankangodikira zipangizo zojambulira zoyenera. Claudia analengeza kuti, ataganizira mofatsa, watenga mbiri ya nyimbo. A McDonald anagwedeza mutu n'kunena kuti mwana akamvera atsibweni zinthu zimayenda.

Anesi anadikira kuti phokoso litsike. Anafunsa Hawa, mokweza kuti khonde lonse limve, ngati tsopano akudziwa dzina la amuna ake. Hawa anati akulidziwa, ndipo likhala likumulira m'mutu mpaka Loweruka. Anafunsanso a Pilato, a Pilato anati ulendo uno akhoza kulumbira.

"Ndiye mwaona nonse," anatero Anesi. "Achimwene, mwabweza. Sindidzakufunsaninso."

Anagwirana chanza anthu akuona, ndipo Anesi anabwerera kuzinanazi zake.